Mizinda yathu anaimangira yani? Mbiri ya kusowa kwa nyumba ku Blantyre ndi ku Lilongwe

Pa kalembera wa 1966, Lilongwe inali katauni ka anthu osakwana 20,000. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu 989,318. Blantyre, yomwe mu 1966 inali ndi anthu ongopitirira pang'ono 100,000, inali itafika pa 800,264. Chinamtindi chonsechi chimagona penapake dzuwa likalowa, ndipo nyumba zambiri zomwe chimagonamo sizinamangidwe ndi boma, kampani kapena banki. Anamanga ndi anthu wamba, pang'onopang'ono, nthawi zambiri pamalo pomwe mapu a khonsolo sasonyeza kuti pali munthu. Masiku ano kwabuka mtsutso woti mizinda yathu iyambe kukwera m'mwamba, timange mafulati m'malo momangofalikira m'minda ya anthu. Mtsutsowu ndi wofunika, koma kuti tiutsate bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, tione mmene tinafikira pano.

Blantyre inayamba ngati mishoni ya Church of Scotland mu 1876, m'dera la mfumu Kapeni. Amalonda a African Lakes anabwera pambuyo, ndipo mu 1882 anamanga Mandala House, nyumba yosanja yomwe ikadalipo mpaka lero. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 tauniyo inali ndi khonsolo yake, ndipo njanji itafika mu 1908, Limbe nayo inayamba kukula chifukwa cha fodya. Khonsoloyo inali ya Azungu, ndipo inkaona tauni ngati mudzi wa Azungu ndi amalonda a Chimwenye. Azungu anatenga zitunda zopita mphepo monga Mandala, Sunnyside ndi Nyambadwe. Amwenye ankakhala kuseli kapena pamwamba pa masitolo awo. Munthu wakuda ankafunika masana, kuti asenze katundu, aphike, achape, asese. Usiku ankayenera kukhala atatuluka, ndipo wopezeka akuyenda m'tauni mdima utagwa wopanda chiphaso ankamangidwa. Wololedwa kugona m'kati anali wantchito wapakhomo, m'kanyumba ka kuseli kaja ka boyizikota.

Atsamunda ankati wakuda ndi mlendo m'tauni. Kwawo ndi kumudzi, komwe mkazi akulima ndi kulera ana, ndipo mphamvu zikatha adzabwerera komweko. Maganizowa ankawakomera, chifukwa bwana sankafunika kupereka malipiro odyetsa banja lonse kapena kumangira wantchito nyumba ya banja. Motero antchito ankagona m'midzi yozungulira tauni, ku Ndirande, ku Chilomoni, m'tsinde mwa phiri la Soche, n'kumalawira mbandakucha wapansi. Midziyi inali m'manja mwa mafumu, osati khonsolo. Wobwera kuchokera ku Mulanje, ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay ankakaonekera kwa nyakwawa, kupereka kangachepe, n'kulozeredwa pomanga. Panalibe wojambula msewu, panalibe wosiya malo a sukulu kapena a ngalande. Kapezedwe ka malo kameneka sikanathe ndi utsamunda. Ndi kamene kamanga mbali yaikulu ya mizinda yathu mpaka lero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linaona kuti makalaliki, aphunzitsi, apolisi ndi amisiri akuchuluka ndipo sangamangogona m'midzi. M'zaka za m'ma 1950 linayamba kumanga timanyumba tofanana tondandalika m'mizere m'dera la Soche, pakati pa Blantyre ndi Limbe, matauni omwe anawaphatikiza mu 1956. Zinali nyumba zazing'ono, ndipo zinali za olembedwa ntchito okha. Wogulitsa nkhuni, wofulula mowa ndi waganyu sanali m'kaundula.

Ufulu utabwera mu 1964, bungwe la Malawi Housing Corporation linayamba ntchito. Linatenga nyumba za m'malokeshoni zija n'kumanga zina, moti mayina ngati Kanjedza, Chitawira, Nkolokosa ndi Chinyonga anakhala maloto a aliyense wolandira malipiro a pamwezi. M'chaka chomwecho kunabadwa New Building Society, yobwereketsa ndalama zogulira kapena kumangira nyumba. Koma akuluakulu a nthawi imeneyo anazindikira msanga kuti boma silingathe kumangira aliyense nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Njira yomwe anaitsata ndi imene ine ndimaiona kuti inali yanzeru koposa zonse zomwe dziko lino layesapo pa nkhani ya nyumba, ndipo ndi yomwe timaiiwala kwambiri.

Anatsegula madera otchedwa Traditional Housing Areas. Bungwe linkapima mapuloti, kulambula misewu yafumbi, kukumba chimbudzi pa puloti iliyonse ndi kuika mpopi woti anthu ambiri azitungapo. Wopatsidwa puloti ankalipira kandalama kochepa pachaka n'kumanga yekha ndi chomwe ali nacho: zidina, dothi, udzu, malata akale. Sankafunsidwa pulani ya katswiri. Akapeza ndalama ankagwetsa khoma la dothi n'kuika la njerwa, chaka china n'kuika simenti pansi, chaka china mawindo agalasi. Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe ndi mbali ina ya Ndirande zinakula motero, ndipo ku Lilongwe Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde ndi Area 25 zinatsata njira yomweyi. Amene amayenda m'maderawa lero aona kuti ngakhale mwadzaza, misewu yake ndi yolunjika, galimoto ya odwala imalowa, ndipo paipi ya madzi ili ndi podutsa. Zili choncho chifukwa wina anayamba wapima anthu asanamange.

Malamulo ankati puloti imodzi, nyumba imodzi. Eni mapuloti anachita zina. Kuseli kwa nyumba yaikulu anayamba kumanga mdadada wa zipinda zobwereketsa, chifukwa obwera m'tauni anali ambiri kuposa mapuloti, ndiponso lendi inali penshoni ya munthu wopanda penshoni. Khonsolo inkaona zimenezi ngati kuphwanya lamulo. Kunena zoona, alandilodi aang'onoang'ono amenewa, ambiri mwa iwo amayi amasiye ndi madoda opuma ntchito, ndi amene agoneka anthu am'tauni ochuluka kuposa bungwe lina lililonse m'mbiri ya Malawi.

Nkhani ya Lilongwe ili ndi pake. Dr Hastings Kamuzu Banda atatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Britain inakana kupereka ndalama, ndipo ngongole yoyambira inachokera ku South Africa ya tsankho. Ojambula mapulani oyamba analinso a komweko. Mu 1968 kunakhazikitsidwa Capital City Development Corporation, midzi yomwe inali pamalowo inasamutsidwa, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Mzindawu unajambulidwa kuti ukhale wa mitengo ndi mipata, wokhala ndi zigawo zotalikirana: tauni yakale kummwera, Capital Hill ndi City Centre pakati, mafakitale ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi. Pafupi ndi maofesi anaikapo mayadi a Area 10, Area 12 ndi Area 43, okhala ndi mapuloti aakulu moti ena amalimamo chimanga. Antchito a boma apakatikati anapatsidwa Area 18. Osauka, omwe analibe galimoto, ndi amene anaikidwa kutali. Tsankho la khungu linali litachoka m'malamulo, koma kagawidwe ka malo kanatsala komweko, kungoti tsopano kankayang'ana m'thumba.

Zotsatira zake zikuoneka pamapu. Pambali pa dera lililonse la olemera pamera dera la omwe amawagwirira ntchito. Mtandire yatsamira Area 47, Kauma ili kuseli kwa Area 12, Mgona ili pakhomo pa mafakitale a Kanengo, ndipo ku Blantyre Mbayani ili pamphuno pa Nyambadwe. Mlonda, wantchito wam'nyumba ndi wosamalira maluwa anasankha kukhala pamalo opanda chilolezo koma oyendeka wapansi, kusiyana ndi puloti yovomerezeka yomwe ikanamudyera theka la malipiro pa basi. Sikuti anali osamvera. Anawerengera bwino ndalama zawo, chinthu chomwe ojambula mzinda sanawachitire.

Nyumba zosanja zinamangidwa ndithu m'nthawi ya Kamuzu, koma zambiri zinali za maofesi: Delamere House ndi Chayamba Building ku Blantyre, Gemini House ku Lilongwe, ndi zina. M'zaka za m'ma 1980 kunabweranso nyenyezi yofiira yomwe inkalembedwa pa nyumba zakale zam'kati mwa tauni kuti zigwetsedwe. Nkhawa inali pa maonekedwe a misewu ikuluikulu, yomwe alendo amadutsamo. Zoti munthu wamba angagone pamwamba pa sitolo pafupi ndi ntchito yake sizinali m'maganizo.

Kuyambira mu 1981, Malawi inalowa m'ndondomeko za World Bank ndi IMF zochepetsa ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito. Capital City Development Corporation inathetsedwa mu 1984. Malawi Housing Corporation inatsala ndi nyumba zomwe lendi yake sinkakwana ngakhale kukonzera denga, boma lenilenilo linkachedwa kulipira lendi ya antchito ake, ndipo kupima mapuloti atsopano kunazilala. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 madera a mapuloti aja anaperekedwa kwa makhonsolo, omwe analibe ndalama kapena anthu okwanira. Kenaka kunabwera 1994. Mantha a nthawi ya chipani chimodzi atachoka, anthu omwe anadikira puloti zaka zambiri analowa paliponse pomwe panali mpata. Nkhalango ya paphiri la Ndirande inatha m'zaka zochepa, nyumba zinayamba kukwera phiri la Soche, zina zinatsikira m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje ya Mudi, Nasolo, Lingadzi ndi Mchesi. Nyumba zambiri za boma zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo zomangidwa m'malo mwake zinali zochepa. Lero Malawi Housing Corporation ili ndi nyumba pafupifupi 6,000 m'dziko lonse, pomwe kafukufuku wa UN-Habitat wa 2010 anapeza kuti matauni athu amafunika nyumba zatsopano pafupifupi 21,000 chaka chilichonse.

Zoyesayesa zakhalapo. Habitat for Humanity yakhala ikumanga kuyambira mu 1986. Kuyambira m'ma 2003, magulu a amayi osunga ndalama pamodzi, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, anakambirana ndi makhonsolo n'kumanga nyumba mazanamazana ku Area 49 ku Lilongwe ndi ku Angelo Goveya ku Blantyre, ndipo anaonetsa kuti wosauka amabweza ngongole ikakhala yolingana ndi thumba lake. Boma la Peter Mutharika linabweretsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yomwe inaloza kwambiri kumidzi. Boma la Lazarus Chakwera linalonjeza nyumba 10,000 za asilikali, apolisi ndi ena achitetezo. Zonsezi n'zabwino, koma poyerekeza ndi anthu omwe amatsika basi ku Wenela ndi kudepoti ya Lilongwe tsiku ndi tsiku, ndi madzi a m'supuni pamoto wolusa.

Wofuna nyumba lero amadziwa yekha mmene zilili. Amayamba walipira ejenti kuti angoiona nyumbayo. Landilodi amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi, ndipo amafunsa kuti ana ndi angati. Mwezi ukatha ndalama isanapezeke, ena amachotseredwa chitseko. Amene watopa ndi lendi amakagula kamalo kwa mfumu ku Chitipi, ku Njewa, ku Mpemba kapena ku Lunzu, nthawi zina n'kupeza kuti malo omwewo agulitsidwa kwa anthu awiri. Akamanga, amalipira minibasi ziwiri kapena kabaza kuti akafike kuntchito. Munda womwe unkadyetsa mudzi umasanduka mapuloti, ndipo ana a yemwe anagulitsa amadzakhala alonda pa geti ya wogula. Anthu oposa theka la okhala m'mizinda iwiriyi ali m'madera osapimidwa.

Mtengo wa zonsezi tinaulipira ndi miyoyo. Kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inasautsa kwambiri Lilongwe ndi Blantyre, m'madera momwe chitsime ndi chimbudzi zimayang'anizana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira pa nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'kati. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Panamveka mawu ambiri odzudzula omanga m'phiri. Ochepa ndi amene anafunsa kuti munthu uja akanapita kuti, popeza puloti yotsika mtengo inasiya kupimidwa iye asanabadwe.

Apa ndi pomwe nkhani ya mafulati yalowera. Oikonda akuti malo atha, ndipo mzinda womwe ukufalikira sungakwanitse kufikitsa paipi, waya wa magetsi ndi phula kwa aliyense. Paipi yotalika kilomita imodzi ikhoza kutumikira mabanja makumi angapo kumayadi kapena mabanja mazana ambiri pomwe nyumba zasanjikizana. Akuti Lilongwe ili ndi malo ambiri ongokhala pakati penipeni, ndipo masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021, aika kukula kwa mizinda ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Pa mfundo imeneyi akunena zoona, ndipo palibe chowatsutsa nacho.

Okana ali ndi zifukwa zosiyanasiyana, ndipo sizilemera mofanana. Chomveka kawirikawiri ndi cha chikhalidwe: Mmalawi amafuna bwalo, kadimba ka mpiru, khola la nkhuku, poika mbaula ndi mtondo, ndiponso pokhala anthu pakagwa zovuta. Maliro angachitikire bwanji m'mwamba? Funsoli si lopepuka, ndipo womanga wanzeru ayenera kuliyankha ndi khonde lophikirapo, malo oyanika zovala, masitepe otakasuka ndi bwalo la onse pansi. Koma amene amanena za dimba ndi nkhuku kawirikawiri ndi amene ali kale ndi mpanda wake. Banja lokhala m'chipinda chimodzi cha mdadada ku Ndirande, lomwe limagawana bafa ndi chimbudzi ndi mabanja ena asanu ndi atatu, lilibe dimba loti lingataye. Kukhala mothithikana tinakuyamba kalekale. Tinangokuchitira pansi, popanda madzi ndi ngalande. Palinso ena akumayadi omwe amakana chifukwa safuna kuti wina azisuzumira mumpanda mwawo ali m'mwamba. Amenewa ndi omwe akhala pa malo abwino kwambiri a mzinda, pomwe misewu ndi mapaipi zinamangidwa ndi msonkho wa tonse.

Nkhawa ya madzi, magetsi ndi kalimbidwe ka nyumba ndi yoona. Madzi akasiya m'nyumba yapansi, mayi amapita pa kiyosiki. Akasiya pansanjika yachinayi, chidebe chimakwera masitepe pamutu. Chimbudzi chokumba sichingatumikire nyumba yosanja, ndipo mapaipi a zonyansa amafika kwa anthu ochepa kwambiri m'mizinda yathu. Dziko lino lilinso m'chigwa cha zivomezi: Salima inagwedezeka mu 1989, Karonga mu 2009. Ku Nairobi, mu 2016, nyumba yosanja ya ku Huruma inagwa ndi kupha anthu pafupifupi 50, chifukwa inamangidwa mwachinyengo pafupi ndi mtsinje. Abale athu okhala ku Harare amawadziwa mafulati a Matapi ku Mbare, omwe anamangidwira amuna osakwatira m'nthawi ya atsamunda ndipo lero mwadzaza mabanja, mapaipi ataphulika. A ku Johannesburg aona zomwe zinachitikira nyumba zina za ku Hillbrow eni ake atazithawa. Fulati yosasamalidwa imaipa msanga kuposa nyumba ya zidina. Komabe zonsezi zikutiuza mmene tiyenera kumangira: nsanjika zitatu kapena zinayi zosafuna chikepe, thanki ya madzi pamwamba, woyendera zomangamanga wosalandira chiphuphu, ndi thumba lokonzetsera lomwe aliyense amasonkhamo.

Chifukwa cholemera koposa ndi mtengo. Nyumba yapansi munthu amaimanga zaka khumi, ndi njerwa zoumba yekha. Yosanja imafuna zitsulo, simenti yambiri ndi injiniya, zonse nthawi imodzi, ndipo zambiri mwa izi zimayendera ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiwongoladzanja cha kubanki chapitirira 20 peresenti. Pa chiwongoladzanja chotere, womanga amaloza kwa yekhayo amene angabweze msanga. N'chifukwa chake mafulati omwe akumera lero ali m'mipanda ya Area 10, Area 43 ndi Namiwawa, ena lendi yake imatchulidwa m'madola, ena amabwereketsedwa pa usiku kwa alendo. Wa ku Mtandire akamva kuti mafulati athetsa vuto la nyumba n'kukayika, ali ndi chifukwa. Mbiri yonse yomwe tayendamoyi yamuphunzitsa kuti mzinda ukajambulidwa, iye amakumbukiridwa pomaliza.

Ine ndili kumbali yoti timange m'mwamba, koma osati mwa njira yomwe tayambirayi. Mafulati oyamba ayenera kukhala a mphunzitsi, namwino, wapolisi ndi kalaliki, pa malo a boma omwe ali pafupi ndi ntchito, chifukwa anthu amenewa lero akulimbirana zipinda ndi ogulitsa tomato, ndipo iwo akasamuka mdadada umapuma. Ndalama zoleza mtima zilipo: kuchokera pomwe lamulo linakakamiza penshoni mu 2011, mabungwe osunga penshoni asonkhanitsa chuma chambiri, ndipo chomwe chapita ku zomangamanga chathera kwambiri m'maofesi ndi m'masitolo akuluakulu. Eni ndalamazo ndi antchito omwewo amene akusowa pogona. Landilodi wa ku Kawale, ku Biwi ndi ku Zingwangwa, yemwe wagoneka mzinda kwa zaka makumi asanu popanda womuthokoza, apatsidwe chikalata cha malo, paipi ya zonyansa pamsewu wake ndi pulani yovomerezeka ya nsanjika ziwiri, ndipo adzamanga yekha monga wachitira nthawi zonse. Kwa mlonda ndi waganyu, omwe fulati singawafike posachedwa, makhonsolo abwerere ku zomwe zinagwira ntchito m'ma 1970: kupima mapuloti ang'onoang'ono anthu asanafike, pamalo osagumuka ndi osasefukira, pomwe minibasi imafika.

Inu makhansala, aphungu ndi a komiti zoona mapulani ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pulani ya mafulati ikadzafika patebulo panu, musayambe mwafunsa kuti idzaoneka bwanji kuchokera mumsewu. Funsani kuti lendi yake idzakhala zingati pamwezi, madzi adzachokera kuti, ndipo adzagonemo ndani. Ngati yankho lake silikukhudza anthu a ku Mbayani, Chinsapo ndi Chilobwe, malo a boma asaperekedwe.